Tsiku Limene Khanda Linalowa M'nyumba ya Malamulo

Mayi Sipikala ankadziwika ndi zinthu ziwiri: sankachedwa, ndipo sankapinda lamulo. Aphungu ankawatchula mwamseri kuti Achitsulo. Dzinali linayamba chaka chimene anatsekera kunja nduna ya chipani chawo chomwe, itapita kuchimbudzi belu la voti likulira. Ndunayo inagogoda chitseko mpaka dzanja kutupa, koma iwo anangoyang'ana kutsogolo n'kulamula kuti mavoti awerengedwe. Boma linagonja pa mfundo imeneyo, ndipo panapita miyezi ndunayo isanawapatsenso moni.

Popeza anali mayi woyamba kukhala pampando umenewo, ankaitanidwa kawirikawiri kumisonkhano ya amayi. Koma zimene ankanena kumeneko sizinkakomera onse.

"Ufulu wa mayi ndi khomo lotseguka," ankatero. "Likatseguka, lowani ndi miyendo yanu. Mukayamba kupempha kuti akunyamuleni, mawa adzati munalowa chifukwa chokumverani chisoni."

Ankakondanso kufotokoza kuti mwana wawo woyamba anabadwa iwo ali loya wamng'ono, ndipo anabwerera kukhoti mchombo wa mwanayo usanagwe, woweruza osadziwa n'komwe kuti abereka. Amayi ena ankawomba m'manja akamva zimenezi. Ena ankangoyang'anana.

Chaka chimenecho bajeti inavuta. Nduna ya Zachuma, bambo wolankhula motsitsa ngati ali pamaliro, inachotsa ndalama za nyumba zodikirira amayi oyembekezera, zija zimamangidwa pafupi ndi zipatala kuti mayi wochokera kutali asaberekere panjira. Inati ndalamazo zikamalizire msewu waukulu umene unali utaima pakati. Otsutsa boma anabweretsa mfundo yoti ndalamazo zibwerere. Nyumba inkakumana m'mawa n'kubalalika masana pakati pa phokoso, mawa lake chimodzimodzi. Kunja aphunzitsi ndi apolisi anayamba kufunsana ngati mwezi uno alandira, chifukwa bajeti ikapanda kudutsa boma silingatulutse kanthu. Kenako amayi angapo a mbali ya boma ananena poyera kuti pa mfundo imodzi yokhayi avota ndi otsutsa. Zitatero, aliyense amene ankadziwa kuwerenga mitu anaona kuti aphungu onse akabwera, mbali ziwirizo zifanana ndendende. Ndipo mavoti akafanana, amene amamasula ndi Sipikala.

Amene analemba mfundo ya otsutsayo anali phungu wachitsikana woimira dera lakutali. Onse ankangomutcha Namwino, chifukwa asanalowe ndale ankagwira ntchito kuchipinda choberekera. Mfundoyo anailemba ali ndi pakati. Mwana anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono kwambiri, ndipo madokotala anati azikhala womangiriridwa pachifuwa cha mayi wake, khungu kukhudza khungu, kuti asazizidwe. Choncho Namwino anali kunyumba. Voti inali itaikidwa sabata ya mawa lake, ndipo iye ankakonza zoti pofika tsikulo adzakhale atapeza womugwirira mwana.

Wamkulu wa aphungu a boma nayenso ankadziwa kuwerenga mitu. Lachinayi m'mawa anapempha kuti voti ichitike masana omwewo, ati chifukwa dziko latopa ndi kudikira. Mayi Sipikala anafunsa Mlembi wa Nyumba ngati malamulo amalola. Mlembi, mkulu wa imvi amene anali atatumikira masipikala angapo, anati amalola. Iwo anavomera.

Masana aphungu anadzaza mipando. Makina oziziritsa mpweya ankalira, koma mkanjo wakuda wa Sipikala ndi wolemera, ndipo thukuta linkawatsika kumsana. Nduna ya Zachuma inali ikumaliza kulankhula pamene chitseko cha mbali ya otsutsa chinatseguka. Namwino analowa akuyenda pang'onopang'ono, atavala jekete lalikulu losamanga mabatani, dzanja limodzi lili pachifuwa. Pamwamba pa nsalu imene anadzimanga pankaoneka kachipewa koluka. Anawerama pang'ono kulemekeza mpando, n'kukakhala pamalo pake. Anzake anayamba kumenya matebulo.

Mbali ya boma panali phungu wina amene sankatha tsiku osaimirira kunena kuti wina waphwanya lamulo. Mawu ake oyamba nthawi zonse anali akuti "poyinti, poyinti," mpaka dzina lake lenileni linaiwalika, anthu n'kumangoti a Poyinti. Anaimirira tsopano, akukoka lamba.

"Poyinti, Mayi Sipikala! Ndikuona mlendo m'Nyumba muno. Ndayesa kukumbuka, koma sindikudziwa kuti ameneyu anapambana chisankho m'dera liti."

Mbali ya boma inaseka.

"Chilowereni sananene chopusa ngakhale chimodzi!" anakuwa wina kumbali inayo. "Wakuposani kale, bwana!"

Nyumba yonse inaphulika. Mayi Sipikala anamenya kanyundo kawo mpaka phokoso linatsika. Mlembi anatembenuka pampando wake, umene uli m'munsi mwa wa Sipikala, n'kuyandikiza pakamwa.

"Lamulo likuti munthu amene si phungu kapena wantchito wa Nyumba asapezeke muno," ananong'oneza. "Silitchula msinkhu. Koma mukhoza kuimitsa zokambirana kwa kanthawi, Mayi, kuti akapeze womugwirira. Mphamvu imeneyo muli nayo."

Mayi Sipikala anayang'ana kachipewa kaja. Ankadziwa kuti mphamvuyo ali nayo. Ankadziwanso kuti nduna ija yakuchimbudzi sanaidikire, ndipo inali itakhala pomwepo, pamzere wakutsogolo, ikuwayang'ana itapinda manja. Akanati aimitse lero, mawa nyuzi zikanalemba kuti mayi akakhala pampando, malamulo amafewa kwa amayi anzake. Zaka zonsezi anali atakana kuti wina anene zimenezo. Panalinso ganizo lina pansi pa limeneli. Namwino akavota, mavoti afanana. Mwambo wa mpando umati Sipikala avote kuti zinthu zikhale monga zilili, bajeti isasinthe. Ndiye kuti iwo eni, ndi pakamwa pawo, pamaso pa makamera, akanathetsa nyumba zodikirira zija. Ganizo limeneli sanalilole kukhalitsa.

"Olemekezeka phungu," anatero, "lamulo ndi lomveka. Mwanayo sangakhale muno. Tulukani mukamusiye kwa wina, mubwerere belu lisanasiye kulira."

Namwino anaimirira mosamala.

"Mayi Sipikala, mwanayu anabadwa masiku asanakwane. Sayenera kuchoka pathupi langa. Ndamva za voti ndili kusikelo, ndabwera ndekha. Sakulira, sakusokoneza munthu. Inunso ndinu mayi."

"Pampando uno pakhala Sipikala. Chonde tulukani."

Namwino anawerama pang'ono n'kutuluka. Nduna inamaliza chiganizo chake chotsiriza mofulumira kuposa mmene inalankhulirapo chaka chonse. Wamkulu wa aphungu a boma anapempha voti. Mayi Sipikala analamula kuti belu lilire.

Belu la Nyumba limalira nthawi yokwanira munthu kuchoka kuofesi yake n'kufika pampando. Silinapangidwire munthu amene ayenera kupeza mayi wamanja oyera, kumasula mfundo ya nsalu, kuvula jekete n'kufunditsa mwana. Litasiya, msilikali wa pakhomo anayang'ana kumpando. Mayi Sipikala anagwedeza mutu, iye n'kukhoma.

Mlembi atangoyamba kuitana mayina, kunamveka kugogoda. Sikunali kwaukali. Kunali kugogoda kwa munthu amene akuganiza kuti mwina sanamumve.

"Tsegulani! Tsegulani!" otsutsa anakuwa, ena ataimirira pamipando.

"Chitseko chikatsekedwa sichitsegulidwa mpaka mavoti atawerengedwa," anatero Mayi Sipikala. "Pitirizani, a Mlembi."

Mfundo ya Namwino inagwa ndi voti imodzi. Otsutsa anatuluka akuimba, ndipo bajeti yonse inadutsa dzuwa lisanalowe, theka la mipando lili lopanda anthu.

Mayi Sipikala ali m'galimoto kupita kunyumba, foni inalira. Inali Nduna ya Zachuma.

"Mayi, mwalipulumutsa dziko lero. Ndimati ndikuthokozeni."

"Musandithokoze," anayankha. "Sindinachitire inu." Anadula.

Kunyumba ankakhala ndi mng'ono wawo, mayi wosakwatiwa amene ankasoka madiresi a akwati m'chipinda chakumbuyo. Ana onse a m'banjamo ankamutcha amayi aang'ono, ndipo ndi iye yekha amene ankalankhula ndi Mayi Sipikala ngati munthu wamba. Anamupeza atagwada pansi akudula nsalu yoyera, mapini ali pakamwa, TV ikubwereza chithunzi cha Namwino ataima pakhomo lotseka.

"Mwabwera, achemwali? Ndakuonani. Mkanjo uja ukukukulirani mapewa, mudzabwere nawo ndidzaubweze."

"Zima chimenecho."

Mng'ono wawo anatsitsa mawu a TV koma sanazime. Analavulira mapini m'dzanja.

"Ndifunseko. Mwana uja mumanena m'misonkhano, uja munamusiya mchombo usanagwe. Munamusiyira ndani?"

"Ukudziwa."

"Ndikudziwa, koma a m'misonkhano sadziwa. Ine ndinali folomu yachiwiri. Mayi anabwera kusukulu kudzanditenga, ati mkulu wako ali ndi milandu kukhoti."

"Ndinakufunsa. Unavomera."

"Ndinavomera, eya. Ndikanakana bwenzi mayi atandisenda khungu." Anaseka. "Sindikudandaula ayi. Masamu ndinkadana nawo, ndipo mwanayo ndi wanga kuposa inu, mpaka lero akadwala amaimbira ine. Kungoti mukamawauza anthu kuti munalowa ndi miyendo yanu, muzitchulako kuti miyendoyo inali inayi."

Mayi Sipikala anakhala pampando wa makina osokera n'kuvula nsapato. Anafotokoza za nduna yakuchimbudzi, za mmene lamulo lopindidwa kamodzi limakhalira la aliyense wamphamvu, za aphunzitsi amene tsopano alandira. Mng'ono wawo ankamvetsera akudula nsalu.

"Za malamulo mukudziwa ndinu," anatero atamaliza. "Koma mtsikana ujayo, ali naye mng'ono?"

"Sindikudziwa."

"Mwakhala naye m'Nyumba ya Malamulo chaka chachitatu, osadziwa? Nyamukani pamenepo, mwakhalira velo ya anthu."

Loweruka panali msonkhano wa mabungwe a amayi, ndipo mlendo wolemekezeka, amene anaitanidwa miyezi yapitayo, anali Mayi Sipikala. Sekeletale wawo anati atumize wina, kapena anene kuti adwala. Iwo anati sanadwale, ndipo anafika nthawi yake.

Holo inali yodzaza. Mizere yakutsogolo, imene nthawi zonse amakhala akuluakulu a mabungwe, tsikulo inali ya amayi a makanda okhaokha. Pamene Mayi Sipikala ankakwera pansanja palibe anawomba m'manja, kupatula mayi amene ankatsogolera mwambo, yemwe anawomba kawiri n'kusiya. Mayi Sipikala anaika pambali pepala limene anawalembera.

"Ndikudziwa chimene mwabwerera," anayamba. "Lamulo lija ndi loipa. Linalembedwa nthawi imene m'Nyumba munalibe munthu woyamwitsa. Koma ndi lamulo, ndipo ine ndinalumbira kulisunga. Sipikala amene amasankha lamulo loti atsatire lero chifukwa mtima wamugunda, mawa adzasankhanso, ndipo mawa limenelo mtima wake sudzakhala kumbali yanu. Lamulo loipa timalisintha. Sitilidumpha."

Kumbuyo kunayamba kung'ung'udza. Mayi wina wa magalasi, loya wa limodzi mwa mabungwewo, anaimirira osadikira maikolofoni.

"Lamulo lomwelo limakulolani kuimitsa zokambirana. Simunaimitse. Tiuzeni, mavoti akanafanana, inu mukanavota bwanji?"

"Ndikanavota monga mwambo wa mpando umanenera. Bajeti ikanakhala monga inalili."

"Ndiye kuti chitseko chija chinakupulumutsani inu. Mwana wa eni ake ndiye anasenza mlandu."

Holo inawomba m'manja kwa nthawi yaitali, makanda ena n'kudzidzimuka kuyamba kulira. Mayi Sipikala, amene pa moyo wawo anayankhapo oweruza ndi nduna osaphethira, anadikira kuti phokoso lithe. Kenako anati, "Ndamva," n'kukhala pansi. Anakhalabe mpaka pemphero lotsekera. Pa tiyi anthu ankawalambalala ngati chitsa.

M'galimoto anayesa kudzifunsa chilungamo chake. Kodi anakana kuimitsa chifukwa cha lamulo, kapena chifukwa choopa voti ija? Anapeza kuti sangathe kulekanitsa ziwirizo, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa kuposa mawu a loya uja. Anauza dalaivala kuti afunse kwa madalaivala anzake kumene Namwino amakhala.

Anapitako Lolemba masana, opanda apolisi. Inali nyumba yalendi ya zipinda ziwiri, pamwamba pa sitolo ya matayala. Pamasitepe pankanunkha raba. Pakhonde panali chingwe chodzaza matewera, ndipo anachita kuwerama kuti adutse. Namwino anatsegula yekha, mwana ali pachifuwa monga tsiku lija. Anadabwa, koma ulemu sanautaye.

"Lowani, Mayi. Pepani, m'nyumba muli mbwee."

Anachotsa beseni pampando, Mayi Sipikala n'kukhala. Patebulo panali mabuku a bajeti, akuluakulu ngati njerwa, limodzi litatsekulidwa, botolo la mankhwala a mwana lili pamwamba kuti tsamba lisatembenuke.

"Mwana ali bwanji?"

"Akukula. Lachisanu anatentha thupi pang'ono, koma zatha."

"Tsiku lija anakugwirirani ndani?"

"Amayi aja opanga tiyi. Ndinawapeza akutsuka makapu. Ndinawauza asambe m'manja ndi sopo, n'chifukwa chake ndinachedwa."

"Mulibe wachibale wokuthandizani? Mng'ono wanu, kapena..."

"Ndinabadwa ndekha wamkazi. Mayi anamwalira. Bambo a mwanayu amaphunzitsa kumudzi, tchuthi chawo chinatha. Apongozi anga akanabwera sabata ino, mwendo ukawalola." Anakonza kachipewa ka mwana. "Sabata ino, Mayi. Tsiku limene voti inayenera kuchitika."

Mayi Sipikala sanapepese, ndipo Namwino sankaoneka kuti akudikira kupepesa. Sipikala ananena chimene anabwerera. Iwo ndi wapampando wa komiti yoona malamulo a Nyumba. Akufuna lamulo la alendo lisinthe kuti khanda loyamwa lisamawerengedwe mlendo, komanso pakhale chipinda cha amayi pafupi ndi khomo. Koma Sipikala sabweretsa mfundo yekha. Pafunika phungu.

Namwino anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Mayi, ine sindinakwere masitepe a Nyumba ya Malamulo kudzamenyera chipinda choyamwitsira. Ine ndili ndi galimoto, ndili ndi dokotala. Kwathu mayi akayamba kumva kupweteka usiku amamukweza pangolo. Ndinalandirapo amayi atafika mwana atatuluka dzanja lokha, atayenda choncho mtunda wonse. Nyumba zija n'zimene ndinabwerera. Zapita."

"Kuzibweza sindingathe. Sindine nduna."

"Ndikudziwa."

"Koma pakati pa chaka bajeti imabweranso kuti iunikidwe. Lembaninso mfundo yanu. Ndidzaiika pamndandanda."

"N'kudzaisunthanso tsiku limene wina wa ife ali kumaliro?"

Pansi kusitolo wina ankamenya tayala ndi chitsulo.

"Ngati mukufuna dzina langa pa mfundo ya khanda," anatero Namwino, "muikenso ina. Tsiku la voti ya bajeti likalengezedwa, lisamasunthidwe kubwera pafupi popanda kudziwitsa aphungu masiku angapo. Chimene chinandigwetsa ndi chimenecho. Mwanayu anangopezekapo."

"Chipani changa sichidzakondwa nazo."

"Ndimamva kuti inu simuona chipani."

Mayi Sipikala anamuyang'ana. Anali wamng'ono kuposa mwana wawo woyamba, maso ofiira ndi tulo, ndipo sankawaopa.

"Lembani zonse ziwiri," anatero.

Namwino anawaperekeza mpaka pachingwe cha matewera. Sanawapatse mwana kuti amunyamule, iwonso sanapemphe.

Nkhani ija inatenga nthawi kukomiti. A Poyinti, amenenso anali membala, ankafuna kudziwa kuti khanda limasiya liti kukhala khanda. "Lero khanda," ankatero, "mawa wina abwera ndi wa sitandade wani, mkuja abwera ndi apongozi ati nawonso sangakhale okha." Wina anafunsa ngati mwana akalira pa nthawi ya voti kulirako kudzawerengedwe kuti inde kapena ayi. Mayi Sipikala ankawalola kuseka, kenako n'kubwerera pa chiganizo chomwecho. Mfundo yachiwiri ndiyo inavuta zenizeni. Wamkulu wa aphungu a boma anabwera kuofesi kwawo kudzawakumbutsa amene anawaika pampando. Iwo anamuuza kuti chisankho chikubwera, ndipo palibe akudziwa amene adzakhale mbali iti ya Nyumba. Bamboyo anaganiza pang'ono, n'kusiya kutsutsa.

Malamulo onse awiri anadutsa. Pa nthawiyo mwana wa Namwino anali atayamba kukhala yekha, ndipo ankatsala kunyumba ndi agogo ake. Sanalowenso m'Nyumba.

Bajeti itabwera kuti iunikidwe, Namwino anabweretsanso mfundo yake. Sinafike povota. Kutatsala tsiku limodzi, Nduna ya Zachuma inalengeza pawailesi, ndi mawu ake apamaliro aja, kuti boma lomvera anthu laganiza zobwezera theka la ndalama za nyumba zodikirira. Dzina la Namwino silinatchulidwe. Pa nyumba zodikirira zimene zinali zitatsekedwa, zina zinatsegulidwanso, zina ayi. Ya m'dera la Namwino inali m'gulu la zotsala, ndipo iye anapitiriza kufunsa za iyo sabata iliyonse pa nthawi ya mafunso, mpaka nduna inkayamba kutsegula fayilo akangoimirira.

Awiriwo sanakhale mabwenzi. Akakumana m'khonde, Namwino ankawerama pang'ono n'kuti, "Mayi Sipikala," iwo n'kuti, "Olemekezeka," aliyense n'kupitiriza ulendo. Mabungwe a amayi chaka chotsatira anaitana mlendo wina.

Za chipinda, nduna inati m'bajeti mulibe ndalama zomangira. Mayi Sipikala anali ndi kachipinda kodyera koyandikana ndi ofesi yawo, kokhala ndi sinki ndi firiji yaing'ono, kamene masipikala ankalandiriramo alendo. Analamula kuti tebulo lituluke. Munalowa mipando iwiri yofewa ndi kabedi ka mwana, ndipo mng'ono wawo anasoka makatani. Chipindacho chinakhala miyezi chili chokhoma, chifukwa panalibe phungu wa khanda.

Tsiku lina m'mawa Mlembi analowa muofesi akukanda imvi zake. Anati mmodzi mwa atsikana amene amalemba zonse zolankhulidwa m'Nyumba wabwerera kutchuthi cha uchembere. Wantchito wake amabwera ndi mwana masana, ndipo mtsikanayo amakayamwitsira kumalo oimika magalimoto, atakhala pamwala. Wafunsa ngati angagwiritse ntchito chipinda chija.

"Lamulo likuti chiyani?" anafunsa Mayi Sipikala.

"Likuti phungu, Mayi. Tinalemba kuti phungu."

Iwo anatenga buku la malamulo n'kuwerenga okha, chala chikutsata mzere. Linkatidi phungu. Pa misonkhano yonse ya komiti ija, palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale iwo, amene anaganiza za amayi a kumaofesi apansi, amene anali ambiri kuposa aphungu aakazi.

"Lembani kalata kukomiti kuti mawuwo akonzedwe," anatero. "Zitenga chaka, ndikudziwa." Anatseka bukulo. "Koma lamuloli likunena za chipinda chimene Nyumba idzamange. Ichi sichinamangidwe ndi Nyumba. Ndi chodyera cha Sipikala, ndipo ndimaitanamo amene ndafuna. Si choncho, a Mlembi?"

Mlembi anaganiza, milomo ikuyenda ngati akuwerenga.

"Ndi choncho, Mayi."

Anatsegula dirowa, natulutsa kiyi n'kumupatsa.

"Mumuuze azikhoma akamatuluka. Firijiyo chitseko chake chimafuna kukankha ndi bondo."